Lupanga Lopanda Dzimbiri

Anandiuza nkhaniyi ndi Fausto, wonyamula katundu pa malire a Milange.

Akuti mkulu wina dzina lake Gelson anangoti uku ndi uku m'mawa wonse, kudikira katswiri wochokera ku Quelimane kuti adzatsimikize ngati lupanga limene bambo ake anasiya linalidi lakale la ku Japan. Likagulidwa, denga lodontha la nyumba yake alifolera ndi malata.

Katswiriyo atafika anagulula chigwiriro, nayang'ana chitsulo chamkati. Chinali mbee!

"Dzimbiri lapita kuti, bambo? Ife zaka za lupanga timazidziwira pa dzimbiri la apa."

Isaura, mkazi wa Gelson, anayankha monyadira: "Mlendo aone uve pakhomo panga? Ndinagulula ndekha dzulo, n'kukwecha ndi mchenga ndi mandimu."

Katswiriyo anangoliza njinga yake yamoto, ulendo.

Zoti lupangalo linalidi la ku Japan, ine ndikukayika. Fausto mwini wake sanalionepo.