Nkhope pa Kapepala ka Voti

"Mwatipusitsa, Bwana Pruitt!" anakuwa Dinah pakhonde la khothi m'katauni kawo ka ku Georgia, ku America, akugwedeza kapepala m'mwamba.

Mwamuna wake, Cato, anali atangochoka pamzere wa ovota. Aka kanali koyamba kuvotera pulezidenti chimasulidwire ku ukapolo. Posadziwa kuwerenga, anangotenga kapepala kokhala ndi nkhope ya malemu pulezidenti amene anawamasula. Amene ankagawa timapepalato anali Pruitt, mwini sitolo, uku akumwetulira.

"Tatsitsani mawu, mayi. Nkhope si yomweyi?" Cato ananong'ona.

"Nkhope ndi yomweyo, bambo, koma mayina ali m'munsiwa ndi a chipani cha aja ankatikwapula aja."

Dinah anali ataphunzira kuwerenga chaka chomwecho. Anatsata zilembozo ndi chala, n'kumatchula dzina lililonse mokweza.

Cato anacheukira bokosi la mavoti. Kapepala kake kanali katalowa kale, pamodzi ndi timapepala ta amuna makumi anayi amene iye mwini anawalangiza kuti azingoyang'ana nkhope basi.

Anakaima pamaso pa Pruitt, chipewa osavula.

"Bwana, yankhani anthu onsewa akumva. Ine ndavotera ndani?"