Anapiye a Bakha Wakuthengo

Ine Basil, amene ndinaweta nkhuku mazana atatu ku Bulawayo, palibe mbalame inandikanapo. Choncho nditapeza chisa cha bakha wakuthengo m'bango ku Mbungo, ndinatenga mazira onse n'kupatsa thadzi langa kuti lifungatire.

Sabata isanathe anaswa, koma anapiyewo gaga anamukana. Kukacha ankathawira kumadzi, thadzi likulira pamtunda, ine ndikuwathamangitsa ndi mawondo okalambawa.

"A Basil, awa si a ku Bulawayo," anatero mkazi wanga Marian. "Taonani kuwondako. Akuferani m'manja."

Lero ndaima m'matope ku Mbungo ndi dengu la anapiyewo, msana ukuwawa. Mayi wawo, bakha uja, akuimbabe mluzu m'bangomo.

Ndapendeketsa dengulo, anapiye ayamba kusambira osacheuka. Ndinam'tengera asanu ndi anayi, ndam'bwezera asanu ndi anayi.