Tsamba la m'Mwala

"Mwati kale mvula inkagwa yambiri kuposa lero?" anakalipa a Elifala, tcheyamani wa chipani ku Malomo, atatsekereza khomo la kalasi.

Mayi Faines anakweza mwala wa ku migodi ya malasha umene ankaonetsa ana. Ankadziwa kuti aphunzitsi anzawo ena anapita osabwerako pa mawu ochepa kuposa amenewa.

"Si ine, bambo, ndi tsamba linadindika m'mwalamu. Mitengo yotere inkamera m'madambo okhaokha."

"Ndiye mukuuza ana athu kuti nthawi ya atsamunda zinthu zinali bwino!"

"Atsamunda ati? Nthawi imeneyo padziko panalibe munthu ndi mmodzi yemwe."

A Elifala anamwetulira, nakodola anyamata a chipani amene ankadikira panja.

"Mwadzimvera nokha. Mboni alibe amayiwa."