Mwaye wa pa Shelefu ya Mayi Aldous

Khumbo anaima ndi waya wokwechera mapoto m'manja. Pa shelefu yakuda ya Mayi Aldous, nkhalamba imene ankaisamalira ku Croydon, ku Mangalande, panali chigamba choyera. Khumboyo anali atakwechapo mwaye poyesa ndi litsiro.

Apa m'pamene anakumbukira chenjezo la mwana wa mayiwo: shelefuyi ndi ya makolo, inapulumuka moto wa mabomba pa nkhondo, osaikhudza. Khumbo ankadziwa kuti ntchito ikatha, viza yake nayonso yatha.

"Ambuye, ndichitireni chifundo," ananong'ona.

Ndodo inagogoda pakhomo. Mayi Aldous anayandikira, napapasa chigambacho ndi chala. Pamene panachoka mwayepo panaoneka chilembo chogoba ndi mpeni.

"Pepani mayi, ine ndimayesa..."

"Kwecha apanso, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Dzina la mchimwene wanga likupitirira."