Mtima umene anajambula pafoni

Panali munthu wina, namwino wa kuchipinda chochiriramo amayi, amene ntchito ankaidziwa ndithu, koma anali wosamva za anzake. Kumbali ankamutcha Ndadziwakale, chifukwa munthu usanamalize kumuuza kanthu, iye amakhala atakuyankha.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake wamng'ono. Inali mimba yoyamba, masiku atakwana, ndipo thupi linali litatentha.

"Alamu, mwanayu sakusuntha ngati masiku onse," anatero mayiyo.

"Ndi ulesi umenewo, watengera bambo ake. Gonani apa timumve."

Namwino anamumanga lamba pamimba n'kuyatsa makina omvetsera mtima wa mwana. Pompo kunamveka kugunda kothamanga, gu gu gu, mizere papepala ikutuluka yosaopsa. Mtima wa mwana wosabadwa umathamanga kuposa wa munthu wamkulu, ndiye atangomva liwiro lija, iye anakhutira.

Mzamba mnzake ankadutsa ndipo anaima pabedipo.

"Anzanga, mwawagwira pamkono mayiwa? Atentha thupi, mtima wawonso ukuthamanga. Makinawa nthawi zina amatola mtima wa mayi m'malo mwa wa mwana."

"Mwayamba kundiphunzitsa ntchito pa mlamu wanga yemwe?" anayankha Ndadziwakale akuseka. "Mtima wa mwana ndimaudziwa ngakhale ndili m'tulo."

Mnzakeyo anaitanidwa kwa mayi wina, nkhani n'kuthera pomwepo. Namwino anatulutsa foni, najambula kugunda kuja, n'kutumiza kwa abale onse. Mchimwene wake, amene anali pabenchi panja, anamvetsera kambirimbiri mpaka anamvetsako ndi anthu osawadziwa.

Dokotala anafika masana. Asanayang'ane n'komwe pepala lija, anagwira mkono wa mayiyo uku akumvetsera makina. Mtima wa mayiyo ndi makinawo zinkagunda pamodzi. Anabweretsa sikani younikira m'mimba msangamsanga, ndipo mtima weniweni wa mwana unapezeka ukugunda pang'onopang'ono, ukuzilala. Anathamangira naye ku opaleshoni. Mwana anatuluka wamwamuna, koma sanalire. Anayesetsa kumutsitsimutsa, zinakanika.

"Tikanadziwa m'mawa muja, mwina..." anatero dokotala, osamaliza. Mzamba mnzake uja anangomugwira namwinoyo paphewa. Namwino analakalaka akanamukalipira.

Kwa abale iye sanaulule. Onse ankati achemwali anayesetsa, ndipo aliyense akamuthokoza, manyazi ankamudya mpaka chakudya osalowa.

Patapita masiku anapita kukawaona. Chikwama cha zovala za mwana chinali chikadali kuseri kwa chitseko, chosatsegula. Mlamu wake anagona pampando atafunda. Mchimwene wake anatenga foni n'kuyatsa mawu aja, gu gu gu.

"Achemwali, zikomo kuti munajambula," anatero. "Kulira kwake sitinakumve, koma mtima wake tili nawo. Ndimaumvetsera tsiku lililonse."

Namwino anazyolika. Akanatha kungovomera, koma anaulula.

"Achimwene, mtima umenewo si wa mwana. Ndi wa alamu anga. Mzamba mnzanga anandiuza kuti ndiwagwire pamkono ndifananize, ine ndinakana. Nthawi imene ndinkajambulayo, mwana anali akuvutika."

Foni inkagundabe patebulo. Kenako mlamu wake anadzuka, naizimitsa.

"Ndinakuuzani kuti sakusuntha, alamu," anatero motsitsa mawu. "Inu munati ndi ulesi."

Akuti namwinoyo akugwirabe ntchito, ndipo samanga lamba pamimba pa mayi aliyense asanamugwire pamkono. Dzina lija anzake anasiya kumutcha, pomumvera chisoni. Koma kunyumba kwa mchimwene wake amangofika pakhomo, kupereka moni maso ali pansi, n'kubwerera.

Phunziro: Makina amagunda zimene atola, sadziwa kuti mtimawo ndi wa ndani. Inu a chipatala, gwirani mkono wa mayi mufananize, ndipo mayi akati mwana sakusuntha mumumvere. Wakutsina khutu ndi mnansi, usamuyankhe ndi phwete. Tumizani nkhaniyi kwa anamwino, azamba ndi amayi oyembekezera amene mukuwadziwa, mwina ipulumutsa mwana wa wina.