Mazira a Nkhwali M'munda mwa Nachisale

Chikhazikitsire lamulo loti munda umene mbalame yaikiramo mazira usalimidwe mpaka mazirawo ataswa, Nachisale sankakhazikika dzinja likayandikira. Mvula yoyamba itagwa, anapeza mazira a nkhwali pakati pa mizere yake.

"Tingokazinga basi," anatero mwamuna wake.

"Kuti atilande munda? Inu muzikalima padenga?"

Nachisale anakulunga mazirawo m'chitenje pamodzi ndi udzu womwe, nalunjika kumunda kwa mlamu wake Nagama, akucheukacheuka. Pamalire anamupeza ataima, khasu lili paphewa.

"Mlamu, musavutike," anatero Nagama. "Ndinawabweretsa ndine dzulo. Pitani nawo kumunda kwa a Zuze, iwo sanalandirepo."

"Nanga nkhwaliyo ili kuti?"

"Ikuwatsatira, yatsalira minda iwiri m'mbuyo. Fulumirani, chinyezi chikutha."