Wocheuka Salandira

Wailesi ya pakhonde inali itangolengeza kuti lamulo latsopano ladutsa: aliyense amene anapha anthu wamba pa nkhondo ija azengedwa mlandu, ngakhale mano atamuthera mkamwa. Agogo aamuna anaitseka ndi chala chimodzi, n'kuitana adzukulu awo.

"Asilikali anga, masiwiti! Pamzere!"

Mayi wa anawo ankatsuka mbale pawindo la kukhitchini. Masewera a apongozi akewa anali asanawaonepo. Ana anathamangira kumpanda akuseka, n'kuima moyang'ana njerwa, manja kunkhongo. Palibe anawauza. Ankadziwa kale.

"Iwe kamtsikana, maso kukhoma. Wocheuka salandira."

Mbale inamupulumuka mayi uja. Mawu amenewo anawamvapo kamodzi kokha, kwa malemu mayi ake. Iwo ali mwana anaimikidwa pakhoma la sukulu ndi msilikali wina waulemu, amene analonjeza kalasi yonse masiwiti. Mayi akewo anacheuka, n'kuthawa. Anzawo anali ana omvera, ndipo palibe anabwerera kwawo.

Mwamuna wake analowa akutafuna. "Bambo ndi ana, eee! Ifenso anatilera choncho. Bwanji, waona mzukwa?"

"Ayi," anayankha. "Mizukwa sikalamba."

Anapukuta manja, n'kutenga foni. Akaimba kupolisi, banja latha. Chala chinangoima m'malere.

Panja nkhalamba ija inkayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa anawo, ikugunda aliyense kunkhongo ndi chala isanamuponyere siwiti. Itafika pa mwana wamng'ono wa mayiyo, inakweza maso kuwindo, n'kumwetulira.

"Apongozi, bwerani nanunso. Malo alipo."